Chiliza cha a Sajeni: ntchito ya amisiri a pa Nchalo mmene ndinaionera

Mnzanga amene tinamumangira chiliza chomwe ndikufotokoza pano anali wapolisi waudindo wa sajeni, ndipo anatisiya m'chaka cha 2023, patangopita miyezi yochepa chichitikireni namondwe wa Freddy. Anaikidwa kumudzi kwawo, chakumadzulo kwa Ngabu, ndipo m'chilimwe cha 2024 ife anzawo asanu, titagwirizana ndi akubanja, tinasonkha ndalama kuti pamanda pawo pasakhale mulu wa dothi wokha. Ine ndinapatsidwa udindo wosunga thumba ndi kulankhulana ndi amisiri, mwina chifukwa ndine mphunzitsi ndipo anzanga amakhulupirira kuti mphunzitsi sataya lisiti. Ntchitoyi tinaipereka kwa imodzi mwa shopu zopanga ziliza zomwe zili m'mbali mwa msewu wa M1 pa Nchalo. Dzina la shopuyo sindilitchula, popeza m'nkhani muno muli zoyamikira komanso zodandaula, koma zomwe ndinaona zingathandize aliyense wa kuno kuchigwa cha Shire amene akufuna kumangira mbale wake chiliza.

Tisanafike pa Nchalo tinali titafunsa malo ena awiri. Ku Blantyre anationetsa miyala yokongola kwambiri, koma titawonkhetsa mtengo wa mwalawo ndi wa galimoto yotsika nawo mapiri a ku Thabwa mpaka kuoloka mlatho wa Kamuzu, tinaona kuti thumba lathu silingakwanitse, komanso palibe amene anatifunsa za malo omwe chilizacho chikakhale. Mmisiri wina womanga nyumba wa kumudzi komweko anati atimangira ndi njerwa n'kumata matailosi pamtengo wotsika zedi, ndipo anzanga awiri anakopeka ndi mawu akewo.

Chomwe chinandikhazika mtima pansi pa Nchalo ndi mafunso omwe mmisiri wamkulu anayamba nawo. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa nimu, fumbi loyera lili mbuu m'manja ndi m'tsitsi, anyamata awo akupala chiliza china ndi makina. Sanandifunse kuti ndabwera ndi ndalama zingati. Anafunsa kuti manda ali mudzi uti, dothi lake ndi lotani, malemu anaikidwa liti, komanso ngati madzi amadikha pamandapo nthawi ya dzinja. Nditatchula dera la Ngabu anapukusa mutu n'kunena kuti kumeneko ndi kwa makande, ndipo anandifotokozera zomwe aliyense wolima thonje kuderali amazidziwa koma sitiziganizira tikamamanga manda. Dothi lakuda lija limang'ambika m'chilimwe mpaka munthu kupisa dzanja m'ming'alu, kenako mvula ikagwa limamwa madzi n'kufufuma. Chilichonse cholemera chomwe chakhazikidwa pamwamba pake popanda maziko ozama chimakwera ndi kutsika chaka ndi chaka mpaka chimathyoka pakati. Ananenanso kuti sakanavomera ntchitoyi malemu akanakhala kuti anaikidwa miyezi iwiri kapena itatu yapitayo, chifukwa manda amafunika apyole dzinja limodzi kuti dothi lititimire lokha. Mwamwayi athuwa anali atapyola kale dzinja la 2023 mpaka 2024.

Anandionetsa mitundu itatu ya ntchito. Za matailosi anandiletseratu, ponena kuti kutentha kwa kuno, komwe mu Okutobala ndi Novembala kumapyola madigiri 40, kumachititsa kuti ayambe kutukumuka ndi kumatuka pakangopita zaka zochepa, ndipo ana oweta mbuzi amamaliza otsalawo. Mtundu wachiwiri unali wa telazo, womwe ndi timiyala tophwanyaphwanya tosakaniza ndi simenti, ndipo ukauma amaupala mpaka kusalala. Wachitatu unali wa mwala wa gireniti wokhawokha, womwe ndiwo wodula kuposa yonse. Ndinkayembekezera kuti atikankhira ku wodulawo, popeza ndi mmene amalonda ambiri amachitira akaona anthu ovala mataye, koma iwo anati pa ndalama zomwe tingakhale nazo anthu olandira malipiro a boma, nzeru ndi kuika ndalama zambiri pansi, m'maziko, thupi la chiliza likhale la telazo, ndipo gireniti ikhale kachidutswa kakumutu kokha kolembapo mawu.

Kunena zoona, apa ndi pomwe ndinawakhulupirira, chifukwa anandikumbutsa khalidwe la malemu. A Sajeni ankadziwika m'midzi yambiri chifukwa cha chizolowezi chouza anthu zinthu zomwe wina akanangokhala nazo chete. Mayi akabwera kudzaona mwana wake m'chitokosi atamanga ndalama pakona ya chitenje, iwo ankamuuza mokweza, kuti ena onse pabenchi amve, kuti belo ya kupolisi ndi yaulere ndipo abwerere nazo ndalamazo akagulire ana ufa. Ankakumbutsanso abale a womangidwa kuti lamulo limafuna kuti munthu akaonekere kukhoti pasanathe maola 48. Mmisiri wa pa Nchalo sankawadziwa malemu ngakhale pang'ono, choncho palibe chifundo chapadera chomwe anatichitira, ndipo ndikukhulupirira kuti zomwe anatiuza ife ndi zomwe amauza aliyense.

Pa nkhani ya malipiro shopuyi ili ndi dongosolo labwino. Tinapereka theka la ndalama poyamba kudzera pa Airtel Money, ndipo anatilembera lisiti yapepala yosonyeza kukula kwa chiliza, mtundu wa telazo, ndi tsiku lomaliza ntchito. Theka linalo tinagwirizana kuti tidzapereka chiliza chikadzaima pamanda. Mtengo weniweni sindiulemba, chifukwa kuyambira pomwe ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti ndi zitsulo yakhala ikusinthasintha moti nambala iliyonse yomwe ndingalembe ingasocheretse owerenga. Iwo eni anatilangiza kuti matumba a simenti a 50 kg ofunika pamaziko tigule tokha tsiku lomwelo n'kuwasunga pouma, pamwamba pa matabwa, m'malo modikira kuti adzatigulire mtsogolo mtengo utakwera. Malangizo amenewo anatipulumutsa, popeza pofika nthawi yomanga mtengo wa thumba la simenti unali utakwera kale.

Mbali yomwe inatitengera nthawi yaitali si ya simenti ayi, koma ya mawu olemba pamwala. Shopuyi imalipiritsa potengera kuchuluka kwa zilembo, ndipo aliyense wa ife anali ndi zomwe ankafuna kuti zilembedwe. Alamu athu, akazi a malemu, ankafuna dzina lonse, udindo ndi zaka. Mayi awo a malemu, omwe ndi okalamba ndipo amalankhula Chisena, ankafuna dzina lakumudzi lomwe anawapatsa ali khanda, ponena kuti la sajeni ndi la boma, si lawo. Ife anzawo tinalemba ndime yonse yotamanda, yomwe ndikaiwerenga lero ndimachita nayo manyazi, chifukwa inkamveka ngati kalata yofunsira ntchito. Mmisiri anatenga choko n'kujambula pansi kukula kwa mwalawo, kenako anationetsa kuti mawu onsewo atalowa, zilembo zikanachepa kwambiri moti munthu woima kumiyendo kwa manda sakanatha kuwerenga. Akanatha kungolandira ndalama za zilembo zonsezo, koma anatiuza kuti tichotse. Anatenganso nthawi kufotokozera mayi aja m'Chisena, modekha, pomwe dzina lakumudzi lidzakhale, ndipo nkhope yawo inamasuka.

Pamapeto pake tinasiya mayina, udindo, zaka, ndi vesi la Mateyu 5:9, lomwe limanena za anthu obweretsa mtendere. Amene anasankha vesili ndi mnzathu wina wogulitsa ng'ombe pamsika, ndipo chifukwa chake tonse tinkachidziwa. Kuba ng'ombe ndi bala lakale kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo munthu akagwidwa pafupi ndi khola usiku, kawirikawiri anthu safuna kudikira khoti. Tsiku lina m'mamawa gulu la anthu linagwira mnyamata wina n'kumumanga, ena atanyamula kale zibonga ndi udzu. A Sajeni anafika panjinga yamoto ali ndi mnzawo mmodzi yekha, ndipo m'malo moopseza anthu anakhala pansi pafupi ndi mnyamatayo n'kuyamba kuitana amuna omwe anali kutsogolo mmodzimmodzi ndi mayina awo, kuwafunsa za ana awo ndi za m'munda, mpaka mkwiyo unazirala ndipo a nyakwawa anapeza mpata wolankhula. Mnyamatayo anatengeredwa kupolisi ali wamoyo. Malemu sankaikamba nkhaniyi, ndipo tikaiyambitsa pabawo ankangoti tisewere, nthawi ikutha.

Tsopano ndinene zomwe sizinandisangalatse, chifukwa zilipo ndipo si zazing'ono. Lisiti inanena kuti ntchito ya kushopu idzatha m'masabata anayi, koma inatenga asanu ndi awiri. Kuchedwa pakokha ndikanakumvetsa, popeza makina opalira ndi ozokotera amadalira magetsi omwe ankazimazima, ndipo mafuta a jenereta ankavuta kupeza m'miyezi imeneyo. Chomwe chinandipweteka ndi kusayankha foni. Kwa masiku asanu ndi limodzi ndinkaimba osayankhidwa, uthenga wa pa WhatsApp unkaoneka kuti wawerengedwa koma yankho osabwera, pomwe ine ndinali ndi anthu anayi ondifunsa za ndalama zawo komanso banja lomwe linali litauza kale abale a ku Nsanje ndi ku Blantyre tsiku la mwambo. Munthu wosunga ndalama za maliro amakayikiridwa msanga, ndipo masiku amenewo ndinayenda ndi mutu wolemera. Ndinachita kukwera minibasi kupita pa Nchalo, n'kukapeza kuti ntchito ikuyenda ndithu, kungoti mwini wake amaopa kuyankha foni akakhala kuti alibe nkhani yabwino. Ndinawauza kuti kwa anamfedwa, kumva kuti zachedwa n'kopepuka kusiyana ndi kusamva kanthu.

Ulendo womwewo ndi umene unavumbula vuto lalikulu. Mwala wakumutu unali utazokotedwa kale, ndipo nditauyang'anitsitsa ndinaona kuti manambala awiri omaliza a chaka chobadwa anasinthanitsidwa, moti malemu anachepetsedwa ndi zaka 9. Chikanakhala cholakwika cha penti chikanafufutidwa, koma chozokota pagireniti sichifufutika. Mnyamata amene anazokota anayamba kukana, ponena kuti anatsata pepala, ndipo apa ndi pomwe chizolowezi cha uphunzitsi chinandithandiza, chifukwa tsiku lomwe tinasainirana mawuwo ndinajambula pepalalo pafoni. Mmisiri wamkulu atayerekeza chithunzicho ndi mwala, sanatalikitse nkhani. Anavomera kuti kulakwa n'kwawo, anapepesa, ndipo anadula mwala wina ndi ndalama zawo popanda kutiwonjezera ngakhale tambala. Pa kukonza cholakwacho ndikuwayamikira, komabe chikanapezeka tsiku lovumbulutsa, pamaso pa mayi awo a malemu omwe amadziwa bwino chaka chomwe anabereka mwana wawo, chikanakhala chinthu chochititsa manyazi kwambiri. Shopu yogwira ntchito yotere iyenera kuitana mwini ntchito kuti adzaone zilembo zitajambulidwa pamwala makina asanakhudzepo, ndipo iyi sinatero. Amene mukupita kumeneko muumirire zimenezi, ndipo pepala la mawu mulijambule.

Kumanda ndi komwe amisiriwa anaonetsa luso lawo lenileni. Anafika atatu pa galimoto yaing'ono yomwe inatula katundu pamsewu, ndipo kuchokera pamenepo tinanyamula pangolo ya ng'ombe chifukwa njira yolowera kumudzi ndi yokumbika. Asanakhudze khasu anafunsa ngati a nyakwawa adziwitsidwa ndiponso ngati adzukulu alipo, ndipo anadikira mpaka mkulu wa adzukulu atawalozera malire a manda, kuti pokumba asalowerere a munthu wina. Anakumba ngalande kuzungulira manda mpaka kupyola dothi lofewa lapamwamba, anathira miyala ya kwale ndi mchenga wa kumtsinje n'kusinja, kenako anayala zitsulo zomangidwa ndi waya asanathire konkire. Cholinga chake, monga anafotokozera, n'chakuti chiliza chikhale pa chinthu chimodzi cholimba chomwe dothi likasuntha chimasuntha chonse pamodzi, m'malo mothyoka.

Nkhani ya madzi inandidabwitsa. Mjigo womwe uli pafupi ndi manda umatulutsa madzi amchere, monga ilili mijigo yambiri kuno kuchigwa, ndipo mmisiri atalawa anakana kuwagwiritsa ntchito, ponena kuti mchere umadya zitsulo za mkati mwa konkire ndipo dzimbiri likafufuma limang'amba simenti. Tinachita kutuma ngolo kukatunga pa mjigo wina wakutali, zomwe zinatidyera ndalama ndi theka la tsiku, ndipo ena mwa achibale anang'ung'udza kuti mmisiriyu ndi wovuta. Konkire ankaithira m'mamawa dzuwa lisanakwere, kenako n'kuifunditsa masaka onyowa, ndipo anatisiyira lamulo loti tizithirira m'mawa ndi madzulo kwa masiku 7, chifukwa simenti ikauma mofulumira ndi dzuwa la kuno imakhala yofumbutuka. Anakananso kuimika mwala wakumutu tsiku lomwelo monga tinkafunira, ndipo anabweranso patapita sabata kudzamaliza. Ulendo wachiwiriwo sanatilipiritse.

Khalidwe la anyamata awo kumanda linali loyenera malowo. Sanaponde manda a ena, sanatsegule nyimbo pafoni, ndipo atamaliza anatola mapepala a simenti ndi zidutswa zonse. Koma pali chinthu chimodzi chomwe sanatiuze poyamba, chakuti chakudya ndi malo ogona a anthu atatu kwa masiku atatu ndi udindo wa banja. Kwathu kuno mlendo sagona ndi njala, ndipo alamu anaphika nsima ya mapira ndi mlamba mosanyinyirika, koma kwa mayi wamasiye amene akudikirabe ndalama za mwamuna wake, nkhuku iliyonse imawerengedwa. Zikanalembedwa palisiti tikanaziika m'ndondomeko yathu ya ndalama kuyambira pachiyambi.

Mwambo wovumbulutsa chiliza unachitika kumapeto kwa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kunabwera anthu ambiri kuposa omwe tinawaitana, ndipo ena sitinkawadziwa n'komwe. Mayi wina wa ku Bangula anaimirira n'kunena kuti anawadziwa malemu pamsasa wa anthu othawa madzi osefukira mu Januwale 2015, pomwe ankayang'anira mzere wolandirira thandizo, ndipo ankatulutsa nkhalamba ndi amayi oyembekezera pamzere n'kuwakhazika pamthunzi, iwo n'kuima m'malo mwawo kuti asalandidwe malo. Ife amene tinkasewera nawo bawo kwa zaka zambiri nkhani imeneyi tinaimva koyamba tsiku limenelo. Nsalu yoyera itachotsedwa, mayi awo anapempha mdzukulu wawo kuti awagwiritse chala pa dzina lakumudzi lija, analisisita kangapo, kenako anatembenukira kwa mmisiri, yemwe anabwera pamwambowo mwa kufuna kwake, n'kunena kuti takhuta, mawu othokoza m'Chisena. Ndalama zotsala ndinazitumiza madzulo a tsiku lomwelo.

Chiliza sichiyesedwa tsiku lovumbulutsa, choncho ndinadikira kuti dzinja lidutse ndisanalembe izi. Nditapitako mvula itatha, ndinapeza kuti madzi anadikhadi kumunsi kwa manda, ndipo ziliza ziwiri zoyandikana nazo, zomangidwa ndi njerwa ndi matailosi, zinali zitapendekeka, china chitang'ambika kuchokera kumutu mpaka kumiyendo. Cha a Sajeni chinali chilili, ndipo nditayendetsa dzanja m'mbali monse sindinapeze mng'alu. Telazo yataya pang'ono kuwala komwe inali nako, zomwe anatichenjeza kale kuti zidzachitika ndi dzuwa. Kwa munthu amene manda a mbale wake ali pa makande kapena pamalo ofika madzi, shopuyi ndingamulozere mosakayika, bola akhale wokonzeka kupitako yekha kukaona ntchito m'malo modalira foni, ndipo tsiku la mwambo alengeze mwala atauona ndi maso ake.

Dandaulo lomwe latsala ndi la penti yagolide ya m'zilembo, yomwe yayamba kale kusuluka pa mzere wa vesi, ngakhale zilembozo zikuwerengeka bwino popeza n'zozokota. Mmisiri analonjeza kuti akadzakhala ndi ntchito ina chakuno adzapatuka kudzaipakanso kwaulere. Ndawaimbira kawiri, ulendo woyamba sanayankhe, wachiwiri anati abwera thonje likayamba kugulidwa.